Kuperekeza a Tembo kwawo ku Edingeni

Tinanyamuka pa Mzimba Boma dzuwa litakwera kale, titakhala pamwamba pa matumba a feteleza kumbuyo kwa pikapu. Dalaivala anatilipiritsa K6,000 aliyense. Fumbi lokha ndilo linali laulere.

Ine ndine namwino, kwathu ndi ku Dedza. Ndinkaperekeza a Tembo, mlimi amene anagwa pangolo n'kumenyetsa mutu pansi. Anachira ndithu: ankayenda, ankawerenga, ankatsutsa za ndale. Koma nkhope za anthu zinawathawa. Akazi awo atabwera kuchipatala, a Tembo anawalonjera ngati mlendo. Mayiwo anabwerera atakwiya, osadzapondanso, ndipo uthenga unamveka woti akuganiza zobwerera kwa makolo awo.

Pikapu itaima kuti aithire madzi, tinagula chinangwa chophika. Mphunzitsi wina amene tinakwera naye, atamva nkhaniyi, sanaugwire mtima.

"Nzeru ndi imodzi, asisita, ngati madzi m'ndowa. Ikabooka, onse amatsikira pamodzi. Munthu wowerenga nyuzi angaiwale bwanji mkazi wake? Mbwenu pali chifukwa china."

Ndinawayankha kuti akatswiri ena amati mutu uli ngati nyumba ya zipinda, china cha mawu, china cha nkhope, moti chimodzi chikhoza kugwa denga zinazo zili chilili. Enanso amatsutsa, ndipo sanamvanebe. Aphunzitsiwo sanagonje, inenso sindinalimbikire. Eni mutuwo ankangotafuna chinangwa chawo.

Tinatsika ku Edingeni dzuwa litapendeka, n'kutsiriza wapansi. Pakhomo pa a Tembo panaima amayi anayi, onse ali duu. Ndinazindikira kuti anapangana zowayesa. A Tembo anawayang'ana mmodzimmodzi, thukuta lili kamukamu. Apa ndinawamvera chisoni.

"Monire mose," anatero. "Ndapota, wina alankhule."

Mayi amene anaima kumapeto anawayang'ana a Tembo kwa kanthawi, kenako anati, "Mwaonda chomene, wiske Tiwonge." M'Chitumbuka, kumeneko n'kunena kuti bambo ake a Tiwonge.

A Tembo anatembenuka nthawi yomweyo, atazindikira mawu a akazi awo. "NyaGondwe!"

Ndinagona komweko. Za ndowa ndi zipinda sindinapeze woweruza, ndipo ndikukayika ngati mayiwo zinawakhudza. M'mawa, ndikudikira galimoto yobwerera ku Boma, ndinawaona mayiwo akuchokera kumjigo. Amuna awo anali pakhonde, akuyang'ana munthu wobwerayo mwamantha. Mayiwo anafuula akadali patali: "Ndine! Ndine NyaGondwe!"