Tsiku Limene Hatchi Inandichitira Umboni

Ndikukumbukira fungo la khola lija: udzu wouma, ndowe ndi zikopa zonyowa. Linali kunja kwa tauni ya Rotherham, kuno kutsidya kwa nyanja, kumene basi inkatembenukira. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, patangotha miyezi inayi chichokereni kwathu ku Ntcheu, kumene ndinkaleredwa ndi azakhali, kudzakhala ndi amayi, amene anali namwino pachipatala.

Kusukulu ya kumudzi ndinali mwana wotamandidwa. Ndinkagwada popereka kope kwa aphunzitsi, ndinkayankha motsitsa mawu, maso ali pansi. Khalidwe lonselo ndinabwera nalo kuno, ndikuganiza kuti nawonso akondwera. Tsiku loyamba ndinagwada pa kapeti kupereka kope, kalasi yonse n'kufa nako kuseka. Kugwadako ndinasiya, koma maso anakana kudzuka. Aphunzitsi akandifunsa ngati zonse zili bwino kunyumba, ndinkavomera ndikuyang'ana nsapato zawo. Iwo anaona mwana womenyedwa amene akubisa.

Kenako kunabwera kalata yochokera kusukulu. Amayi anaiwerenga ali chiimire, asanavule n'komwe jekete. Inkati ndikaonane ndi mlangizi wa ana amene ankagwira ntchito yake ndi mahatchi, ndipo zimene akalembe ndi zimene zikaonetse ngati a boma ayenera kubwera kudzafufuza pakhomo pathu. Kutchalitchi amayi anali atamva za ana olandidwa m'manja mwa makolo awo. M'basi anandifinya dzanja.

"Tadala, kuno si kwa azakhali ako. Aliyense ukamuyang'ane m'maso, wamva? Aliyense."

"Ndamva, amayi."

Mlangiziyo anali mayi wamfupi wa imvi, a Maureen, atavala majombo odzaza matope. Anawakhazika amayi pa benchi ndi kapu ya tiyi, ine n'kundipatsa burashi yopesera hatchi. Anali munthu wokamba nkhani. Tikuyenda anandiuza kuti anayamba ndi kuphika m'sitima za pamadzi ku Hull, kenako anayendetsa basi ku Sheffield, kenako anabwerera kusukulu ali wamkulu kale, n'kukhala mlangizi wa akaidi kundende. Ati mahatchi anabwera pomaliza, atatopa ndi kulangiza anthu m'ofesi ya mipando iwiri yoyang'anizana, bokosi la tishu zopukutira misozi lili pakati. Nthawi yonseyo ine ndinali nditawatong'olera maso osaphethira, mpaka misozi inayamba kulengeza.

M'kholamo munali hatchi yaikazi yotuwa, dzina lake Molly. A Maureen anati inazunzidwa kumene inachokera, choncho siikhulupirira anthu msanga. Ndinali ndisanaonepo hatchi pafupi. Kwathu ndinkadziwa abulu okoka ngolo basi. Koma amayi anali atanena kuti aliyense. Ndinalunjika kwa Molly, chifuwa patsogolo, maso anga m'maso mwake. Inagoneka makutu n'kupita kukaima pakona itandifulatira. Ndinayesanso, inazungulira kuthawa. Kachitatu inapumira m'mphuno mwaukali n'kuponda pansi.

Ndinadziwa kuti mayeso ndalephera. M'maganizo ndinawaona amayi akukwera basi okha kubwerera kunyumba. A Maureen anatambasula dzanja kuti ndiwabwezere burashi, ndipo pamenepo malangizo onse anandithawa, maondo anachita zimene ankadziwa. Ndinagwada mu udzu wonyowa, burashi ili m'manja awiri, nkhope nditaitembenuzira kumbali.

Posakhalitsa ndinamva mapazi olemera akuyandikira, mpweya wofunda pakhosi, milomo yofewa ikununkhiza kolala ya malaya anga a sukulu.

"Usagwedezeke," ananong'ona a Maureen. "Imeneyi inatha milungu isanandiyandikire ine. Anakuphunzitsa ndani kupereka chinthu choncho?"

"Azakhali anga."

"Umawaopa?"

"Ayi. Ndi ulemu."

"Nanga ukamuyang'ana munthu wamkulu m'maso?"

"Ndi mwano."

"Ndiye wakhala ukundichitira mwano m'mawa wonsewu?"

"Amayi ndi amene anandiuza," ndinatero.

A Maureen anaseka mpaka Molly inadzidzimuka. Anandifotokozera kuti hatchi imaopa woiyang'anitsitsa, imamuona ngati chilombo chofuna kuigwira, koma wotsitsa maso imamuyandikira yokha. Kenako anawaitana amayi n'kuwafunsa kwa nthawi yaitali za kwathu: mmene timapatsira moni, mmene timalandirira zinthu, amene amayamba kulankhula. Poyamba amayi anakanitsitsa kuti iwo samugwaditsa mwana aliyense. Tiyi wachiwiri asanathe anaulula kuti nawonso bondo limawapindikira lokha akamapereka fayilo kwa madokotala aakulu.

Zimene a Maureen analemba sindinazione. Ndikudziwa kungoti a boma sanabwere, ndipo Lolemba lake aphunzitsi anandikhazika pambali pawo m'malo mwa kutsogolo kwawo, n'kumandifunsa mafunso tonse tikuyang'ana buku limodzi. Tsikulo ndinayankha ambiri. Ndinapitabe kukhola Loweruka lililonse kwa chaka chathunthu. A Maureen anandiletsa kugwada pafupi ndi miyendo ya hatchi, ati ulemu usafike pothyoletsa mano. Anandiphunzitsanso kuyang'ana munthu pakati pa nsidze maso akandilemera, ndipo mpaka lero ndimatero pa misonkhano ya kuntchito, palibe amene amazindikira.

Zinthu zinasintha. Ana anga awiri, obadwira kuno, amandiyang'ana m'maso n'kundiyankha m'Chingerezi ali chigonere pa sofa, ndipo aphunzitsi awo amati ndi ana odzidalira. Sindidandaula kwenikweni. Koma mabanja atsopano akubwerabe kuchokera kwathu, ambiri kudzasamalira okalamba, ndipo kutchalitchi ndimawadziwa msanga ana ophunzira kumudzi: amandipatsa moni ndi manja awiri, bondo litapindika. Ndikamuona wotero ndimawatengera makolo ake pambali, n'kuwapempha kuti tilembere limodzi kakalata kwa aphunzitsi mwanayo asanayambe sukulu. Sitilemba zambiri. Timangoti mwana uyu akawerama musadandaule, analeredwa bwino.