Za Kugwada kwa Mwana Wanga Tisa

1. CHIVOMEREZO CHA INE, YOTAMU ZAKEYO MBEWE, WA KU GEORGE

Ndikudziwitsa onse okhudzidwa kuti ndinanamiza mayi wina wochita maphunziro apamwamba kwambiri, amene anabwera kudzafufuza ngati ana a ku yunivesite amasungabe mwambo.

Mwana wanga Tisa, wa ku yunivesite komweko, ankandipatsa madzi ali chiimire, maso pa foni. M'mawa wa tsikulo ndinamupempha kuti adzagwade pamaso pa mlendoyo.

"Ba tate, mufuna nichite sewero?" anafunsa.

"Kamodzi chabe," ndinayankha.

Anagwada mwaluso kwambiri mpaka ndinatsamwa ndi madziwo. Mlendoyo analemba mwachangu, ndipo ine ndinawonjezera kuti zimenezi n'za masiku onse. Tsopano bodza langa likulowa m'buku limene aphunzitsi aakulu adzaliwerenga.

Chondisokoneza n'chakuti chichokere mayiyo, Tisa sanasiye kugwada. Amagwada popereka madzi, mchere, ngakhale chaja ya foni, osamwetulira konse. Sindikudziwa ngati ndi ulemu kapena chilango, ndiponso ngati bodza losanduka zoona liyenera kukonzedwa.

Dzulo ndinamuitana kuti ndimufunse. Anagwada n'kumadikira funsolo. Ndinangopempha madzi.

Ine wosokonezeka,
Y. Z. Mbewe
Tsiku lachisanu la mwezi wa Meyi