Chizimalupsa cha Lachisanu

Chaka chimene masitolo a mu Cairo Road anadzaza ndi katundu wakunja, atate anabwera ndi tivi pa minibasi, ataifungatira ngati mwana wodwala. Tinkakhala ku Kabwata, ndipo ine ndinali mu giredi sikisi. Tiviyo inandipatsa ntchito. Nkhani za madzulo zikatha, pankabwera bambo wa jekete ndi kandodo, n'kumaloza mapu uku akunena za nyengo m'Chingerezi chothamanga. Ine ndinkamasulira amayi chapansipansi, kenako n'kulemba zomwezo m'kabuku kanga ka tsiku ndi tsiku. M'mawa amayi ankakauza anzawo pa mpopi ngati amva okha. Zimenezo zinkandikomera, chifukwa ine kulankhula pamaso pa anthu oposa awiri kunkandiumitsa pakamwa.

Kumayambiriro kwa Novembala kunatentha koopsa. Kuseri kwa Woodlands anthu ankatentha tchire, ndipo utsi unkagona pamwamba pa tauni tsiku lonse. Dzuwa linkatuluka lofiira, loti ukhoza kuliyang'ana osaphethira. Tizidutswa takuda ta udzu wopsa tinkagwera pa kolala ya yunifolomu, ndipo ukati upukute tinkasiya mzere. Lachiwiri madzulo bambo wa kandodo anati utsiwo upitirira, koma chakumapeto kwa sabata mwina kudzamveka mabingu ndi kugwa mvula ya apo ndi apo.

Atate, amene anakulira ku Katete, anagwedeza mutu. "Chimenecho ndi chizimalupsa," anatero. Nditafunsa, anandiuza kuti lupsa ndi tchire lopsa, ndipo chizimalupsa ndi kamvula koyamba kamene kamazimitsa moto wa m'tchire. "Kamangonyowetsa fumbi basi. Wopusa yekha ndiye amadzala nako chimanga." Mawuwo anandisangalatsa. Ndinawalemba katatu m'kabuku, kachitatu ndi bolopeni yofiira.

Koma sabata imeneyo ndinali ndi vuto. Lachisanu linali tsiku lopereka mphatso ku sukulu, pabwalo la mpira, ndipo aphunzitsi athu anali atandisankha kuti ndidzanene ndakatulo ya Chingerezi yolandira mlendo, mayi wina wolemera wa ku Kabulonga amene anatipatsa madesiki. Anandisankha chifukwa ndinkalemba bwino. Sanaganize kuti dzanja ndi pakamwa n'zinthu ziwiri. Ndakatuloyo ndinaidziwa yonse, ndime zinayi, koma ndikaganiza za makolo onse atakhala pa mabenchi akundiyang'ana, ndinkapempha Mulungu kanthu kakang'ono, kaya chimfine, kaya dzino.

Lachitatu aphunzitsi anaima pa windo akuyang'ana utsi. Anali mayi wa ku Kopala, kumigodi, wolankhula Chinyanja chosakaniza ndi Chibemba, waukhondo kwambiri, woopa mphezi kuposa njoka.

"Iwe, kwanu muli na tivi," anandiuza. "Bakamba chani pa za Chisanu?"

"Kubwela chizimalupsa, ba ticha," ndinayankha ndikuyang'ana desiki.

"Chizima chani?"

"Chizimalupsa."

Ndinadzutsa maso pang'ono, ndipo ndinaona kuti palibe ndi mmodzi yemwe amene ankawadziwa mawuwo. Onse anali ana a m'tauni. Aphunzitsi anali atagwira pachifuwa. Pamenepo ndikanatha kunena kuti ndi kamvula kochepa. Sindinanene.

"Ni chikulu?" anafunsa.

"Chimabwela kamozi pa chaka, ba ticha. Chikapita, mulilo onse mu sanga umafa. Atate bakamba kuti wopusa yekha ndiye angayende ku munda."

Madzulo ake ndinalemba m'kabuku kuti sindinaname, ndangosuntha mawu a atate pang'ono. Ndinajambula mzere pansi pa "pang'ono".

Zotsalazo anandigwirira mnzanga wa pa desiki, mtsikana wa ku Chelstone amene pakamwa pake sipankapuma. Pa nthawi yopuma anauza a giredi seveni kuti chizimalupsa chinachotsapo malata a tchalitchi kwa ambuye ake. Pofika Lachinayi chinali ndi mchira, chinkachokera ku Mozambiki, ndipo chinkakonda malo opanda mitengo ngati bwalo la mpira. Ana awiri a giredi wanu analira. Mayi wogulitsa vitumbuwa pa geti anati iye Lachisanu sabwera, moyo ndi umodzi. Ndinaona aphunzitsi athu akulowa mu ofesi ya ahedi, ndipo ndinadziwa kuti akukapempha kuti mwambowo uimitsidwe. Ndinabwerera kunyumba ndikudumphadumpha, chinthu chimene sindinkachita pamsewu.

Chimene ndinaiwala n'chakuti ahedi anali a ku Chadiza, kum'mawa kwa Achewa ngati atate, kumene aliyense amachidziwa chizimalupsa.

Lachisanu kunacha kotentha ngati masiku onse, utsi uli pomwepo. Mabenchi anali atayalidwa pabwalo. Makolo ena anabwera ndi maambulera, ena ndi mapepala apulasitiki m'zikwama, onse akuyang'anayang'ana kumwamba. Mlendo wa ku Kabulonga anakhala kutsogolo akudzipepesera mphepo ndi kapepala. Kutali, cha ku mapiri, kunamveka kabingu kamodzi, ndipo aphunzitsi athu anadzidzimuka mpaka kugwetsa ndandanda ya mphatso.

Ahedi anaimirira ndi chokuzira mawu. Anali bambo wamfupi, wosakonda kuseka, koma tsiku limenelo masaya awo ankanjenjemera ngati akubisa phwete.

"Makolo, ndakatulo yolandira mlendo tayamba taiika pambali," anatero m'Chichewa chakwawo. Mtima wanga unavina. "M'malo mwake tili ndi katswiri wa zanyengo, amene watiopseza sukulu yonse sabata ino. Bwera kuno, mwanawe, uwauze makolo kuti chizimalupsa n'chiyani."

Sindikumbuka mmene ndinayendera. Ndikumbuka kuti chokuzira mawu chinali chofunda ndi dzanja la ahedi, ndiponso kuti amayi anali pa benchi yachitatu atatseka pakamwa ndi nsonga ya chitenje. Ndinalibe pepala, ndinalibe ndime yoloweza. Ndinali ndi mawu a atate okha, ndiye ndinawanena mmene iwo anawanenera, osasuntha kalikonse.

"Lupsa ndi tchire lopsa. Chizimalupsa ndi kamvula koyamba. Kamangonyowetsa fumbi basi." Mawu anga anatuluka m'chokuziracho aakulu ngati a munthu wina. "Wopusa yekha ndiye amadzala nako chimanga."

Bambo wina wachikulire kumbuyo anafuula kuti, "Eya! Wanena zoona mwana!" Azimayi akum'mawa anayamba nthungululu, ena onse n'kuphulika kuseka, akulozana maambulera. Ndinadikira kuti ndikomoke, koma sindinakomoke. Ndinapereka chokuzira mawu kwa ahedi n'kutembenuka kuti ndithawe.

Aphunzitsi athu anali ataima panjira, manja m'chiuno.

"Uyenda kuti, ba katswili?" anatero motsitsa. "Nagona na Baibo pa mutu masiku yabili chifukwa cha iwe. Manje pakamwa pasegukila, bwelela. Ndakatulo."

Ndinabwerera. Ndinanena ndime yoyamba ndikuyang'ana nsapato za mlendo, yachiwiri ndikuyang'ana chipewa chake, ndipo pa yomaliza ndinayerekeza kuyang'ana benchi yachitatu. Ndime yachitatu ndinailumpha dala, chifukwa munali mawu ena aatali amene ankandikola lilime. Mlendo anaomba m'manja ndi mtima wonse, makolo nawonso.

Potsika, aphunzitsi anandigwira khutu, osakoka kwambiri.

"Zinali zinayi," anandinong'oneza.

"Inde, ba ticha."

"Iyo yamene wadya uzainena pa Mande, pa asembule."

Ndinavomera, ndipo ndinadabwa kuti ulendo uno sindinapemphe Mulungu chimfine.