Ufa Wofiirira wa mu Shedi

Tsiku lomwe anamuchotsa ntchito, sanalire mu ofesi. Anakalirira kuseri kwa makontena, komwe kunalibe womuona.

Inu amene munalakwitsapo pa ntchito anthu onse akuona, khalani pansi, nkhani iyi ndi yanu.

Mtsikanayu anali kalaliki pa kampani ina ya maejenti, aja amalemba mapepala kuti katundu wochokera kunja atuluke ku kasitomu. Ntchito yake yaikulu inali kupeza nambala. Katundu aliyense wolowa m'dziko ali ndi nambala yake m'buku lalikulu la kasitomu, ndipo nambalayo ndiyo imanena msonkho ndi zilolezo zofunika. Ukaphonya nambala, katundu sayenda.

Anagwira miyezi isanu ndi iwiri bwinobwino. Kenako kunabwera makatoni a ufa wa m'zitini, uja anthu amasungunula m'madzi n'kumwa kuti thupi lilimbe. Pachitini panali chithunzi cha bambo wovala jasi loyera, ndi mawu akuluakulu akuti umalimbitsa mafupa. Iye osatembenuza n'komwe chitinicho, analemba nambala ya mankhwala.

A kasitomu atatsegula anapeza kuti si mankhwala ayi, ndi chakudya chowonjezera basi. Katundu anagwidwa milungu itatu. Mwini katundu anakalipa mpaka mawu kusasa, abwana anachita manyazi, ndipo mtsikana uja anauzidwa kuti asiye makiyi patebulo.

Chopweteka kwambiri chinali dzina. Madalaivala, alonda, ngakhale amayi ogulitsa tiyi pageti anayamba kumutcha Adokotala.

"Adokotala, mutu ukundiwawa. Mundilembera chitini chanji?"

Dzina likakumata pamalo ngati amenewo, silichoka. Kampani iliyonse yomwe anakagogodako inali itamva kale.

Kunyumba kunali bambo ake, amene ananyamula matumba mu shedi yosungira katundu ku kasitomu komweko zaka makumi awiri mpaka msana unawakana. Atawafotokozera, anasisita bondo n'kumufunsa.

"Mwana wanga, bukulo linakukanika, kapena sunaliwerenge?"

"Sindinaliwerenge bwino, ababa."

"Basitu. Ndiye vuto lako ndi laling'ono."

Iye sanaone kuchepa kwake. Chomwe ankafuna chinali kubwerera pa ntchito ya manambala, koma ntchito yokhayo yomwe inapezeka inali yosesa. Ndipo mukudziwa kuti? Mu shedi yomwe ija! Dzulodzulo ankadutsamo ndi fayilo kukhwapa, nsapato zikulira kho kho kho, lero ali ndi tsache ndi chowolera zinyalala. Zinamuwawa, tisanamizane. Kapitawo anamuuza lamulo tsiku loyamba lomwe: wosesa sakhudza katundu, salowerera za mapepala. Akapezeka, geti ilo.

Buku lakale la manambala analipeza m'kanyumba ka alonda, likuchirikiza mwendo wa tebulo. Anawabweretsera njerwa, iwo anamupatsa buku. Nthawi ya nkhomaliro anzake akucheza pamthunzi, iye ankatola zitini zophwanyika za m'bini, zomwe zinalibenso mwini, n'kumawerenga tizilembo tating'onoting'ono takumbuyo. Muli mkaka wochuluka bwanji? Muli shuga? Soya? Koko? Akatero ankafufuza m'buku kuti ufa wotero ukupita mutu uti, n'kulemba m'kope mwake. Apa m'pomwe anazindikira kuti chithunzi cha kutsogolo ndi cha ogula. A kasitomu amafunsa za m'kati.

Zaka ziwiri, abale anga. Makalata khumi ndi imodzi ofunsira ntchito, onse osayankhidwa. Masiku ena ankafuna kuliponya m'bini bukulo, koma mawa lake ankalitsegulanso.

Ndiye kunali ejenti wina wamkulu, a Magalasi, dzina lomwe analipeza chifukwa ankayang'ana munthu pamwamba pa magalasi awo. Zaka makumi atatu pa ntchito, manambala ali nawo m'mutu, ndipo ankazinyadira. Miyezi itatu iliyonse ankatulutsa katundu wa mayi wina wa sitolo: ufa womwewo, zitini zobiriwira zomwezo. Monga amachitira maejenti ambiri katundu akakhala wozolowereka, ankangokopera nambala ya pamapepala akale.

Lachinayi lina m'mawa, katoni imodzi ya katundu ameneyu inagwa pa makina onyamulira, chitini chinaphulika. Anaitana wosesa.

Atangoika tsache, anaima. Ufa wa zitini zobiriwirazi anausesapo kangapo, ndipo nthawi zonse unali woyera. Uwu unali wofiirira, fungo lake la chokoleti. Anatola chitini chophulikacho n'kuchitembenuza. Kutsogolo osasintha kanthu, koma kumbuyo opanga anali atawonjezera chinthu chimodzi: koko. Ndipo iye ankadziwa kuti ufa wa mtundu umenewo koko akangolowamo, ukhoza kusamuka mutu m'buku, nambala n'kusintha.

A Magalasi anali chapafupi, mapepala m'manja, akupita kukawapereka. Kapitawo naye anali pomwepo, manja m'chiuno.

Mtsikanayo anayang'ananso chitini chija. Akalankhula n'kupezeka kuti walakwanso, ngakhale tsache alandidwa, ndipo khomo lobwerera ku manambala litsekekeratu. Akakhala chete palibe angamudzudzule, koma akhala wosesa wodziwa zinthu zomwe palibe akudziwa kuti amazidziwa.

"Pepani bwana," anatero kwa a Magalasi. "Nambala ya ufawu mwalemba ija ya nthawi zonse?"

A Magalasi anatsitsa magalasi. "Aa, Adokotala! Mwayambanso kuona odwala?"

Onyamula katundu anaseka mpaka kugwirana mapewa. Kapitawo anayamba kuyandikira.

Iye anangokweza chowolera chija, ufa wofiirira uli mbwee, n'kupereka chitini, chala chili pa kamzere kakumbuyo.

A Magalasi anawerenga. Anawerenganso. Anatsina ufa pang'ono n'kununkhiza. Kuseka konse kunazima. Kenako anapinda mapepala awo n'kubwerera ku ofesi kwawo, osanena ngakhale zikomo.

"Iwe, tionana," anatero kapitawo.

Masiku anayi anasesa ndi mantha. Aliyense akamuitana, ankaganiza kuti akumuchotsa ntchito. Lachiwiri masana kapitawo anamukodola, iye anadziwa kuti basi zatha. Anapukuta manja pa epuloni n'kulowa mu kaofesi ka kapitawoyo.

Munali a Magalasi. Patebulo anali atandandalika zitini zisanu ndi chimodzi za ufa wosiyanasiyana, pambali pake buku latsopano la manambala.

"Khalani pansi, mayi. Ndiuzeni komwe chilichonse chikupita."

Anatenga choyamba, anachitembenuza, anatsegula buku, anatchula nambala. Chachiwiri chinali ndi mkaka wambiri, anachiika kwina. Chachitatu, chachinayi, chachisanu, zonse zinayenda. A Magalasi osagwedeza mutu, osamwetulira, ngati mwala.

Chachisanu ndi chimodzi chinamuimitsa. Kumbuyo kunangolembedwa kuti muli zomera zosakaniza, osanena kuti ndi ziti kapena zochuluka bwanji. Anachizunguliza kawiri. Panali nambala ina yooneka ngati ikukwana, ndipo inali kale pamlomo. Kungoitchula, mayeso atha bwino.

Anachibweza patebulo.

"Ichi sindinganene, bwana. Zolembedwazi sizikukwana. Tiyenera kulembera opanga atitumizire mndandanda wa zonse zomwe zili m'katimu. Popanda umenewo ndikhala ndikungoganizira."

Anaweramitsa mutu, podziwa kuti walephera chomaliza.

A Magalasi anavula magalasi aja n'kuwaika patebulo.

"Chitini ichi ndachionetsa makalaliki anayi a ku ofesi kwanga. Onse anandipatsa nambala msangamsanga, aliyense yakeyake. Inenso Lachinayi lija ndikanachititsa kuti katundu wa anthu agwidwe chifukwa chodzikhulupirira." Anapumira m'mwamba. "Odziwa manambala ndili nawo ambiri, mayi. Amene ndikusowa ndi munthu wodziwa pamene sakudziwa. Lolemba, seveni koloko. Tebulo lanu lili pafupi ndi zenera."

Anaimirira kuti athokoze. Anangogwira dzanja la mkuluyo ndi manja awiri. Atatuluka anabwerera mu shedi, ku mzere wa katundu womwe anausiya atasesa theka, n'kusesa mpaka kukhoma, misozi ikugwera m'fumbi.

Inu amene mukuwerenga, mwina munaphonya pamaso pa anthu, ndipo mpaka lero akukusekani nazo. Mwina muli pa ntchito yomwe mumachita nayo manyazi kuitchula. Bwererani pomwe munalakwitsa, mukaphunzire chomwe chinakugwetsani mpaka muchidziwe kuposa amene ankakusekani. Zikhoza kutenga zaka ziwiri, zikhoza kupitirira. Koma chonde, mtima wokhawo musautaye.