Amene anathirira mbawa yanga

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene anthu a kwathu ku Nsaru anayamba kukonza malo a kuseri kwa msika. Malowo anali dzala chabe: mabotolo osweka, majumbo, zitini zadzimbiri ndi fungo la kabichi wowola. Komabe ife ana tinkasewera fulaye pomwepo, chifukwa kwina konse kunali minda. Tsiku lina mlongo wanga wamng'ono anaponda botolo, phazi n'kung'ambika. Amene anamunyamula anali a Nankhoma, mayi wogulitsa zitumbuwa pamsikapo. Atamutula kwathu, anabwerera kudzalako ndi khasu ndi dengu.

Poyamba anthu ankangowayang'ana n'kumapukusa mitu. Kenaka amayi anzawo a kumpingo anabwera ndi makasu awo, anyamata a kabaza nawonso, ndipo bambo wina anabwereketsa ngolo yake yotutira zinyalala. Kalipentala wa pamsika anakhoma mabenchi, n'kumangirira katungwe wa tayala. Malo atayera, aphunzitsi athu anabweretsa mbande za mitengo, mwana aliyense n'kulandira yake. Ine ndinalandira mbawa, kamtengo kosafika ndi m'bondo momwe. Ndinakatchinga ndi minga kuopa mbuzi, ndipo m'mawa uliwonse ndinkakatungira madzi kumjigo wa kusukulu.

Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndinadwala malungo aakulu. Anandigoneka kuchipatala cha kwa Kabudula, amayi akundidikirira. Abambo anali kuntchito ku Kasungu, ndipo mlongo wanga uja anali asanayambe kuponda bwino. Mutu utayamba kupepuka, chimene chinandibwerera m'maganizo chinali kamtengo kanga.

"Amayi, mbawa yanga ikuthiriridwa ndi ndani?"

"Iwe, watsala mafupa okhaokha, ukuganiza za mtengo? Imwa phalali."

Ndinatembenukira kukhoma n'kulira mwakachetechete. Ndinkadziwa mmene dothi la kwathu limang'ambikira mwezi umenewo.

Titatuluka, ndinawachonderera amayi kuti tidzere kuseri kwa msika. Ndinafuna kukaona ndekha kamtengo kanga, ngakhale kakhale kouma. Ndinapeza mbawa ili chiriri, itaphukira masamba atsopano ofiirira. Dothi linali lonyowa, wina atayalapo makoko a mtedza kuti chinyezi chisathe msanga, ndipo minga inali yowonjezeredwa.

Ndinapita kwa a Nankhoma. "Ndinu, eti?"

Anaseka akutembenuza zitumbuwa m'mafuta. "Ine ndi msana wangawu? Ntchito yanga yomweyi ikundilemera."

Ndinafunsa anzanga, aphunzitsi, ngakhale kalipentala. Mnyamata wina wa kabaza anavomera kuti anakhuthulirapo madzi otsala tsiku lina, koma anati anapeza pali ponyowa kale. Mnzanga wina anati anangoyalapo makoko. Aliyense ankaloza wina wosadziwika amene anamutsogolera. Ndinabwerera kwa a Nankhoma nkhope ili yakugwa.

"Kodi ukamupeza umutani?" anandifunsa.

"Ndimuthokoze."

Anapukuta manja pachitenje, n'kuloza kumapeto kwa bwalo. "Ukukaona kamtengo kakuwerama ako? Mwini wake makolo ake asamukira ku Namitete. Kathokoze kumeneko."

Sindinamvetse bwino, koma ndinabwereka chidebe chawo. Mphamvu zinali zisanabwerere, choncho ndinkatunga theka, n'kumapumira panjira. Masamba apansi anayoyoka, koma nsonga inadzuka, ndipo mvula yoyamba inakapeza kamoyo. Mwini wake sanabwererenso, ndipo sanadziwe konse zoti kunali ine.

Lero ndine mayi wa ana, ndipo ndikapita kwathu ndimakhala pamthunzi wa mitengo imeneyo, adzukulu a anzanga akulimbirana katungwe. A Nankhoma anatisiya kale. Amene anathirira mbawa yanga sindinamudziwe mpaka pano, ndipo ndinaleka kumufunafuna. Ndinadzazindikira kuti zambiri zimene zandichirikiza pamoyo zinachitidwa ndi anthu amene sindingawatchule maina, panthawi imene ine ndinali chigonere, osatha kudzithandiza. Sindingawafikire kuti ndiwagwire chanza. Chimene ndingathe ndi kuyang'ana kumapeto kwa bwalo, kumene kuli china chikufota mwini wake palibe, n'kunyamula chidebe.