Chifuwa cha Sumaya ndi Mphepo ya ku Hadibo

Tanuf anakulira kumapiri a chilumba cha Socotra. Kugombe ku Hadibo ankatsikirako miyezi yabata yokha, kukagulitsa batala wa mbuzi, choncho ankati kumeneko n'kwabwino chaka chonse. Nkhungu ya kumapiri itakulitsa chifuwa cha mkazi wake Sumaya, anagulitsa mbuzi zonse nasamukira kugombeko pa 9 Epulo 2016.

Pa 4 Juni mphepo inayamba, mchenga n'kumalowa mpaka mumphika.

"Achimwene, mumati mabwatowa tawakokera kumtunda chifukwa cha ulesi?" anamuseka msodzi woyandikana naye. "Mphepo iyi ndi ya miyezi inayi!"

Tanuf anatchinga mazenera ndi nsalu zonyowa, koma Sumaya ankangotsokomolabe.

"Bambo, tibwerere kwathu," anatero Sumaya.

Koma khola lawo la kumapiri linali kale ndi mwini wina.