Chigubu cha kumiyendo kwa bedi

Chinali chigubu chachikasu, chija chogulitsiramo mafuta ophikira. Mafutawo anatha kalekale, munali madzi. Anachimanga chingwe chabuluu pachigwiriro, chingwecho n'kukwera, kudutsa pakagudumu kumiyendo kwa bedi, n'kudzagwira pulasitala amene anandimata mwendo wamanzere kuchokera pamwamba pa bondo mpaka kukakolo. Chigubucho sichinkafika pansi ayi. Chinkangolendewera, n'kumakoka mwendo wanga. Munthu akadutsa n'kuchikhudza ndi chitenje, ululu unkayambira m'ntchafu n'kukatulukira m'mano.

Ndinali sitandade 4 chaka chimenecho. Kwathu n'kwa Maganga, ndipo kuseri kwa nyumba yathu kunali mtengo wa mango a boloma. Amayi ankati mwana wamkazi sakwera mumtengo, koma ine ndinali nkhutukumve, ndiponso mango akupsa bwino amakhala kunsonga. Nthambi inangoti thyo! Ndinafika pansi ndisanaganize n'komwe zokuwa. Amalume, mlongo wawo wa amayi, anazula chitseko cha kukhitchini, kundigoneka pamenepo, n'kukandikweza matola mpaka kuchipatala.

Lero ndikudziwa zimene zinachitika m'ntchafumo. Fupa linathyoka, zidutswa ziwirizo n'kupitana, ndiye pankafunika kukoka mwendo osalekeza kuti ligwirane lili lowongoka, apo ayi mwendo ufupike. Koma tsiku limenelo adokotala analankhula Chizungu ndi anamwino, ndipo zimene zinafika kwa amayi zinali mawu ochepa chabe: “Mayi, chigubuchi musamachikhudze.” Chifukwa chake sanauzidwe, iwonso sanafunse. Munthu wakumudzi kuchipatala amangoti inde.

Inali nyengo ija Salima amawotcha ngati wakwiyira munthu. Malata ankalira ndi dzuwa. Bedi langa analikweza ndi njerwa kumiyendo, choncho ndinkagona mutu uli kunsi, msana utamatirira papepala la pulasitiki. Kutembenuka kunalibe. Kukhala tsonga kunalibe. Kudzithandiza kunali pomwepo, amayi atatchinga ndi chitenje, anyamata a pabedi lina akuseka. Pansi pa pulasitala pankayabwa koopsa, ndipo ndinkadzikanda ndi kamtengo kothyola kutsache. Kamtengoko kakandipulumuka, basi, kapita. Ndinkangokayang'ana pasimenti mpaka wina abwere. Sipuni, chisa, njere ya mango, zonse zinkathawira pansi pamene dzanja langa silinkafika. Pawindo ndinkaona kachidutswa ka thambo ndi akhwangwala pa waya wa magetsi.

Amayi ndiwo anali gadiyani wanga, pakuti wodwala aliyense amayenera kukhala ndi womusamalira. Abambo anali ku Joni. Amayi ankagona pamphasa kunsi kwa bedi langa, kuphika kukhitchini kwa magadiyani, kuchapa, kubwerera. Tsiku limene mvula yoyamba inagwa, fungo la dothi linalowa m'wodimo, azimayi onse n'kuima m'mawindo. Aliyense mbewu yake inali kunyumba. Munda wathu anadzala ndi amalume, msodzi wa ku chilumba cha Mbenji, amene anali pamudzi poti usodzi kumeneko unali utatsekedwa. Amayi ankati, “Munthu wa ukonde uja mzere audziwira kuti?” Ankaseka ponena zimenezi, koma kuseka kwake kunali kwa pakamwa pokha.

M'wodimo tinalipo ana angapo okokedwa miyendo, ena ndi zigubu, ena ndi njerwa zokulunga m'nsanza. Ndipo magadiyani anali ndi mwambo wawo umene ankautcha kupumitsa mwana. Dzuwa likafika paliwombo, anamwino akapita kukadya, mayi aliyense ankatenga beseni, kulivundikira pansi, n'kukhazikapo chigubu. Wina ankaima pakhomo kuyang'ana njira. Amene anawaphunzitsa amayi anali mayi wina wa ku Chinguluwe, wamtali, wokhalitsa m'wodimo. Mawu ake ndikuwakumbukirabe: “Fupa lokakamiza limaswa mphika, asisi. Ngakhale ng'ombe ya pangolo amaimasula masana.”

Ha, kukoma kwake! Chingwe chikangolefuka, thupi lonse linkamasuka. Ndinkapinda bondo pang'ono, kutembenukira kukhoma, n'kugona tulo tenitweni. Amayi ankandikupiza ndi chikatoni akuimba chapansipansi. Musawaweruze azimayi amenewo. Panalibe woipa pakati pawo. Ankaona mwana akulira ndi chinthu chomuliza chili pomwepo, chopepuka, choti dzanja limodzi n'kuchinyamula.

Aphunzitsi athu anabwera Loweruka lina masana, atanyamula nthochi m'jumbo, thukuta lili kamukamu chifukwa anapalasa njinga kuchokera kwathu. Woyang'ana njira sanawaletse, poti sanavale zoyera. Anapeza chigubu chili phee pabeseni. Anachiyang'ana, n'kuyang'ana chingwe cholefukacho, koma sanakalipe. Anatenga nthochi imodzi, kuikweza, n'kuisiya kuti igwere pamimba panga.

“Waigwetsa ndani?” anandifunsa.

Ndinati, “Inuyo.”

“Ine ndangoisiya. Bwanji sinapite kudenga?”

Ndinakumbuka kuti zimenezi anatiphunzitsapo m'kalasi, akugwetsa choko ndi dasitala, ife tikungoseka. Anabwerezanso pang'onopang'ono, akulankhula ndi ine koma maso ali kwa amayi. Anati dziko lili ndi mphamvu yokokera chilichonse pansi. Ndi imene imagwetsa mango, imatsitsa mvula, imamiza nangula wa bwato la amalume. Ndi imenenso inanditsitsa mumtengo muja. “Tsono adokotala aibwereka mphamvu yomweyo,” anatero. “Dziko likoka chigubu, chigubu chikoka chingwe, chingwe chikoka mwendo. Silitopa, siligona. Koma chigubu chikakhala pabeseni, mwendo sukukokedwanso, ndipo fupa libwerera kumene linali.”

Amayi anawerama, kuchotsa beseni lija, n'kutsitsa chigubu mwakachetechete. Ine ndinakuwa. Aphunzitsiwo ndinawada kuyambira tsiku limenelo mpaka ndinamaliza pulayimale, ndipo nthochi zawozo sindinadye.

Lolemba amayi anakaulula okha kwa anamwino. Adokotala anabwera ndi tepi ya telala, kuyeza mwendo uwu, kuyeza uwo, kuyezanso. Wamanzere unali utafupika ngati kunenepa kwa chala. Ulendo uno analankhula Chichewa. Anati fupa likadali lanthete, mwina lingamvere, koma chigubucho chikapumanso ngakhale kamodzi, mwanayu adzatsimphina moyo wake wonse ndipo palibe chimene iwo adzachite. Anaitanitsa kapu, n'kuwonjezera madzi m'chigubu muja ine ndikuona. Anatinso Khirisimasi tidyera momwemo.

Apa m'pamene nyengoyo inaipa. Kale ndinkapirira m'mawa chifukwa ndinkadziwa kuti masana akubwera. Tsopano masana ankabwera, anamwino n'kutuluka, mabeseni n'kulira pasimenti kuzungulira wodi yonse, ana anzanga n'kuusa moyo, koma chigubu changa chili lende. Azimayi ena aja zonena za aphunzitsi sanazimve, kapena anazimva n'kuzisiya. Ndinkayamba ndi kunyengerera: “Amayi, pang'ono pokha.” Kenako kulira. Kenako kutukwana. Ndinawauza kuti si iwo amayi anga, kuti ananditola pamsika. Ndinakana phala. Ndinawaponyera kapu, koma poti ndinali chagada, inakwera n'kudzandigwera ndekha pachifuwa.

Ndinayesanso nzeru zanga. Ndinkadzikankhira kumiyendo kwa bedi pang'onopang'ono kuti chigubu chitsike chikagunde pansi. Amayi ankaona. Ankandigwira m'khwapa n'kundikokera kumtunda, ine ndikuwamenya m'manja.

Mayi wa ku Chinguluwe uja ankalankhula mokweza kuti amayi amve: “Anthu ena mitima yawo njamwala. Mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere.” Kukhitchini magadiyani anzawo anawasala amayi, moto ankasonkha okha. Amalume atabwera n'kundipeza nditaonda, maso atalowa, anakalipa kuti angondimasula tizipita, kumudzi kuli munthu wodziwa kumanga mafupa ndi timitengo. Ine ndinakondwa, n'kuyamba kusenda pulasitala. Amayi, amene sindinawamvepo akubweza mawu kwa mlongo wawo, anangoti, “Achimwene, mwendowu si wanu.” Amalume anatuluka osatsanzika.

Khirisimasi inadutsa, chimanga kumunda chinamera mothothoka, ndipo tsiku lina anamasula chingwe chija. Nditaima koyamba, mutu unazungulira, miyendo ili ngati ya mwana wa mbuzi wongobadwa kumene, n'kukhala pansi. Ndinaphunziranso kuyenda nditagwira khoma. Lero ndimasenza ndowa pamutu, ndimathamangira minibasi, ndinavina paukwati wanga mpaka anthu kundigwira. Nsapato ya kumanzere imatha msanga chidendene, basi. Mwana wa mayi wa ku Chinguluwe uja sindikudziwa kuti amayenda bwanji, ndipo sindifuna kunamizira kuti ndikudziwa.

Chimene sichichoka m'maso mwanga ndi mmene amayi ankakhalira masana amenewo. Anamwino akangotuluka, iwo ankasiya chilichonse, kukhala pasimenti pafupi ndi bedi, kutambalala, n'kulowetsa manja onse awiri pansi pa ntchafu zawo. Ankawakhalira manjawo. Ine ndikulira, ntchentche zikuwatera kumaso, thukuta likutsikira m'khosi, iwo osawatulutsa ngakhale kuti adzipukute. Anamwino akabwerera, manjawo ankatuluka atachita dzanzi, ali ndi zipsera za mchenga wa pasimenti, ndipo ankalephera kugwira sipuni.

Ine ndinkati akundibisira manjawo chifukwa sakundifunanso. Ndinali mwana. Sindinkadziwa kuti manja amenewo ankafuna kupita kuchigubu kuposa mmene ine ndinkafunira, ndipo amayi analibe china chowaletsera koma kulemera kwa thupi lawo.